Hamoud wa Pawailesi ndi Ndege Ziwiri M'fumbi

Ku Amghar munthu akafunsa za Hamoud, anthu ankamubwezera funso: "Hamoud wake uti? Wachibwibwi wa pawailesi uja?" Mlendo ankaseka, kuyesa akumunamiza. Koma zinali zoona. Hamoud akapita kumsika kukagula shuga, wogulitsa ankatha kuyeza, kumanga, n'kuthandizanso munthu wina, iye akulimbanabe ndi liwu loyamba. Koma akangokhala pampando wake m'kanyumba ka pabwalo la ndege, n'kuyandikiza cholankhulira pakamwa, mawu ankatuluka myaa, osapunthwa ngakhale pamodzi. Mwini wakeyo sankadziwa chifukwa chake. Mkazi wake Tekber ankati tsiku lina adzagula wailesi yakeyake, kuti azimva msanga zimene mwamuna wake akufuna kudya.

Hamoud anabadwira m'hema kuseri kwa mapiri a Tagant, bambo ake akuweta ngamila za eni. Mwezi womwewo mkazi wa mwini ngamilazo anabereka mwana wamwamuna, kenako n'kudwala mpaka mkaka kuuma. Khandalo analipereka kwa Salka, mayi ake a Hamoud, ndipo ana awiriwo anayamwa pamodzi, wina bere ili wina linalo. Kwathu kuno chibale cha mkaka sichichepa pamaso pa chibale cha magazi. Choncho Hamoud ndi Sidaty anakula ali pachibale, ngakhale wina ankagona pa kapeti mnzake pamchenga. Sidaty anali wapakamwa. Ubwana wawo wonse ndiye ankamumalizira Hamoud mawu, ndipo nthawi zambiri ankamaliza molakwika, mwadala.

Chilala chachikulu chitapha ziweto, mahema anabalalika. Sidaty anatumizidwa kusukulu ku Nouakchott, kenako kunja kukaphunzira kuyendetsa ndege. Hamoud analowa usilikali chifukwa kumeneko kunali mpunga. Tsiku lina sajeni wina wachipongwe, pofuna kuseketsa anzake, anamukhazika pawailesi kuti aitane kampu ina. Asilikali anaunjikana pakhomo kudikira chiseko. Hamoud anakanikiza batani n'kulankhula bwinobwino ngati mphunzitsi. Chisekocho chinafera m'khosi, ndipo iye anakhala pawailesi mpaka anasiya usilikali. Atamva kuti ku Amghar kukufunika munthu wa ntchito yomweyo, anapita.

Bwalo lake silinali loti n'kuchita nalo kaso. Msewu umodzi woterapo ndege, wa dothi lolimba, woyambira kum'mawa kulowera kumadzulo, miyala yopaka laimu m'mbali mwake, migolo ya mafuta pansi pa mthethe, ndi kanyumba ka mlongoti padenga. Kumadzuloko kunali chithanthwe chakuda chachitali, chimene ndege yotsika kuchokera mbali imeneyo inkachilambalala pafupi, chili kudzanja lake lamanzere. Ogwira ntchito anali awiri: Hamoud, ndi mdala wina wopopa mafuta, a Mbarek, amene sanaloweko m'ndege chibadwire ndipo ankalumbira kuti sadzalowamo.

Mdani wa Hamoud anali mchenga. Unkalowa m'mabatire, m'mawaya, m'mano. Wailesiyo ankaifunditsa nsalu yakale ya Tekber ngati mwana wodwala, n'kumaipukuta ndi kaburashi ka ubweya wa mbuzi. M'nyengo yotentha, m'mawa wina, nyimbo za kutsidya kwa nyanja zinkalowerera, woyendetsa ndege akufunsa za mphepo n'kumuyankha mayi wolira za chikondi m'Chisipanishi. Koma choopsa chinali mphepo yotentha ya kum'mawa. Mchenga wake ukamakhula thupi la ndege, wailesi ya m'ndegemo inkangothetheka ngati mapira pachiwaya, ndipo Hamoud ankatola mawu limodzilimodzi m'phokosolo, n'kuwalumikiza yekha.

Chaka cha dzombe lalikulu, dzombelo litadya mapira a m'khwawa n'kuyamba kanjedza, boma linatumiza ndege ziwiri. Yachikasu, yopopera mankhwala, inkayendetsedwa ndi mzungu wa ku Poland wotchedwa Kazik, munthu wofiira khosi, wodziwa Chifalansa chothyokathyoka koma wosamva ngakhale liwu limodzi la Chihasaniya chathu. Inayo inali kandege koyera kofufuza kumene dzombe lagona. M'menemo munkakwera a Bouna, nkhalamba yodziwa chitsime chilichonse cha m'chipululu, ndipo woyendetsa anali Sidaty.

Amghar anadziwa kuti Sidaty wabwera.

"Amghar, Amghar, wadzuka kodi, mwana wa mayi anga?" ankatero ali m'mwamba. "Kapena Tekber wakumangirira pachikhomo cha mbuzi?"

"Ndakumva. Lankhula Chifalansa, mzungu naye adziwe pamene uli."

"Mzungu amve za mkazi wako? Manyazi ulibe?"

"Sidaty, njira ya wailesi ndi imodzi. Nena pamene uli, uchoke."

"Ndili pamwamba pako. Monga kale."

Hamoud ankang'ung'udza, koma mumtima ankakondwa. Madzulo Sidaty ankadya kwa Hamoud mpunga wa nyama youma, n'kulanda tiyipoti kuti athire yekha. Kangapo anaphonya kagalasi, tiyi n'kuthikira pathireyi. Munthu akamuyankhula ali kumanzere kwake, ankatembenuza mutu wonse ngati kadzidzi. Hamoud anaziona zimenezo, n'kuganiza kuti ndi kutopa.

Tsiku limenelo kunacha bwino. Kazik ananyamuka kulowera kum'mawa, atanena kuti akamaliza kupopera akatera ku bwalo lina la kumeneko ndipo agona komweko. Sidaty anamva zimenezo, n'kunyamuka ndi a Bouna kulowera kumpoto. Dzuwa litapendeka pang'ono, a Mbarek analoza kum'mawa ndi ndevu zawo. Kumunsi kwa thambo kunali kutafiira ngati njerwa.

"Ikubwera," anatero. "Ndipo si yaing'ono."

Posakhalitsa mthethe uja sunkaonekanso. Mchenga unayamba kulira pamalata. Kenako m'wailesi munamveka Kazik, mawu ake akudukaduka. Bwalo la kum'mawa latsekeka ndi fumbi, sakuona pansi, akubwerera ku Amghar. Mafuta atsala ongofikira. Afika cha nthawi ya pemphero la masana lachiwiri.

"Ndakumvani," anayankha Hamoud m'Chifalansa. "Mphepo ikuchokera kum'mawa, yamphamvu. Muzungulire, mutere kuchokera kumadzulo. Msewu ndi wanu."

Kazik anabwereza mawuwo kuti asonyeze kuti wamva. Hamoud anapuma kaye kuti aitane Sidaty amuuze zasintha. Asanakanikize batani, wailesi inati kwa, n'kuyamba kulira injini.

"Amghar, Amghar, mwana wa mayi anga, fumbi lako landipeza. Ndikubwera."

Hamoud anadikira kuti phokoso la injini liduke, monga limachitira munthu akasiya batani. Silinaduke.

"Amghar, ukundimva?" Kenako mawu omwewo, otsika pang'ono: "Zii. Wailesi yafa, a Bouna. Ndi mchengawu."

"Kapena m'bale wako wapita kukamwa tiyi," inamveka nkhalamba ija.

"Ameneyo? Angafe ndi ludzu ali pampandopo."

Batani la Sidaty linali litakanirira. Wailesi za ndege zili ngati chitsime cha chingwe chimodzi: wina akamatunga, ena onse amadikira, ndipo wolankhulayo samva kanthu kufikira atasiya. Tsono Sidaty anali akulankhula osadziwa, wosamva aliyense, ndiponso atatsekera aliyense. Hamoud anakanikiza lake n'kufuula dzina la Kazik. Ankadziwa kuti mawu awiri akagundana, kwa Kazik kukungomveka likhweru lobaya m'khutu. Anayesa njira ya wailesi ya pangozi, ija aliyense amayenera kuitchera khutu. Kunali zii. Anayatsa chiwailesi chachikulu choitanira Nouakchott, icho n'kungothetheka.

A Mbarek analowa atakulunga nduwira mpaka m'maso. "Bwanji, mwana wanga? Nkhope yagwa."

Hamoud anangokweza dzanja kuti amvetsere.

"Taona chitsime cha Lemdena icho," ankatero a Bouna. "Tsata khwawali, litifikitsa."

"Ndaliona. Tilowera kuchokera kum'mawa, titera nthawi yomweyo."

"Kum'mawa? Mphepo ili kumsana? Ine si woyendetsa ndege, koma ngakhale khwangwala satera choncho."

"Msewu ndi wautali, bwalo ndi lathu tokha. Mzungu agona kwina lero."

"Nanga kumadzulo kwatani?"

Kenako Sidaty analankhula ndi mawu amene Hamoud anali asanawamvepo, opanda nthabwala m'kati.

"Kumadzulo kuli chithanthwe chija, bambo. Chimakhala kumanzere. Diso langa lamanzere linapita."

"Linapita kuti?"

"Linayamba kuda m'mbali chaka chatha. Pano ndi chifunga chokhachokha. Kukakhala kowala ndimatha, ndimadziwa malo. Koma m'fumbi ngati ili sindingayerekeze."

"Mulungu atichitire chifundo! Ndiye masiku onsewa wandinyamula ndi diso limodzi?"

"Limodzilo ndi labwino kuposa anu awiri. Musauze munthu. Ngakhale Hamoud sadziwa."

A Mbarek anayang'ana Hamoud, Hamoud anayang'ana wailesi. Kuchokera pa chitsime cha Lemdena kufika pabwalo ndi ulendo waufupi. Ndipo nthawi ya pemphero inali itakwana. Ndege ziwiri zinali kubwera pamsewu umodzi, ina kuchokera uku ina uko, m'fumbi loti munthu sangaone ngamila ili patsogolo pake. Kazik ayenera kuti ankamva macheza onsewo, koma kwa iye anali phokoso chabe la anthu a chinenero china.

Hamoud anaimirira, n'kukhalanso. Akachoka pawailesi, sadziwa kumene ndegezo zafika. Akakhala, angomvetsera anthu akuphana. Batani likhoza kumasuka lokha mphindi iliyonse, n'kupeza pampando palibe munthu. Anagwira a Mbarek paphewa n'kuwakhazika pampandopo.

"Ine? Iwe, wapenga? Chinthu ichi sindinachikhudzepo!"

"Ka-ka-kanikizani apa." Chibwibwi chinali chitabwerera, poti tsopano ankalankhula ndi munthu. Anawaphunzitsa mawu ochepa a Chifalansa otanthauza kuti usatere, kwera. "Mu-muzingonena. Osaleka. Phokoso la injini li-likaduka, nenani m'chinenero chathu, Sidaty amve."

Anatsegula bokosi la pansi pa tebulo n'kutulutsa mfuti ya moto wofiira yochenjezera ndege, imene inakhala mmenemo chibwerere iye ku Amghar. Anatenga chigubu cha petulo ndi masaka akale, n'kuthamangira kuchigalimoto cha pabwalo.

Kunja kunali mbuu, dzuwa ngati ndalama yakale yosawala. Anayendetsa motsata miyala ya laimu, mutu uli kunja kwa zenera, mchenga ukumubaya m'maso. Anasankha kum'mawa. Kazik analibe mafuta ozungulira kawiri, ndipo Hamoud anali atamulonjeza kuti msewu ndi wake. Woyenera kuimitsidwa anali Sidaty. Atafika kumapeto kwa msewu anaimika galimoto pakatikati, mphuno kuloza kum'mawa, nyali zonse zoyaka. Poyamba anaganiza zowotcha tayala, koma anazindikira kuti utsi wake wakuda mphepo iukankhira mumsewu monse n'kumuphimba Kazik. Anaunjika masaka patsogolo pa galimoto, n'kuthira petulo. Machesi ankazima asanafike pansi. Anagwada, n'kutchinga ndi mkanjo wake. Moto unati phuu, mphepo n'kuuponyera kwa iye, dzanja la mkanjo n'kuyaka. Anagubuduka pamchenga, kuukwirira mkonowo mpaka moto unazima. Ululu sanaumve nthawi imeneyo. Anangomva fungo.

Kenako anamva injini, kutsogolo, mphepo ikuibweretsa. Ya kumbuyo sakanaimva ngakhale ikanakhala pafupi. Analoza mfuti m'mwamba n'kukoka. Inangoti kwete. Anatulutsa chipolopolocho, n'kuikamo china. Kwete. Injini inali kukula, ndipo anamva ikutsitsidwa mawu, monga imachitira ndege ikatsala pang'ono kugunda pansi. Anaika chomaliza, n'kutchula dzina la Mulungu.

Moto wofiira unatuluka ukulira, mphepo n'kuupinda. Nthawi yomweyo m'fumbimo munatulukira matayala awiri ndi mimba yoyera, pafupi moti anaona madontho a oyilo. Injini inabangula. Hamoud anadziponya pansi, kandege kaja n'kudutsa pamwamba pa galimoto, mphepo yake ikumwaza masaka oyaka. Atatembenuza mutu kukatsata ndi maso, anaona chinthu chachikasu chikutuluka m'fumbi kumbuyo kwake, chikuthamanga pansi. Kazik anali atatera kale, mochedwa, pakati pa msewu. Kandege koyera kanadutsa pamwamba pake, tayala lake n'kudula waya wa pamsana pa ndege yachikasuyo, twa! Kenako kanamira m'fumbi, kulowera kumadzulo.

Kazik anaona galimoto ndi moto zili patsogolo pake. Anakhotera kumbali, n'kulowa m'miyala ya laimu. Mwendo umodzi wa ndege unathyoka, phiko linakhula pansi, ndege inazungulira ngati bulu womangidwa n'kuima. Hamoud anathamangirako. Mzunguyo anatuluka yekha, magazi akutsika pamphumi, akutukwana m'chinenero cha kwawo. Anagwira Hamoud pakhosi pa mkanjo, n'kuona mkono wopsa uja, n'kumusiya.

"Inayo ndi ya ndani?" anafunsa m'Chifalansa. "Ndani ameneyo?"

Hamoud anamukankhira m'galimoto, n'kuichotsa pamsewu, kubwerera kukanyumba. Mtima wake wonse unali kumadzulo, kumene kunali chithanthwe.

Anapeza a Mbarek akufuulabe mawu a Chifalansa aja, atawapotoza moti mwini chinenerocho sakanawazindikira, thukuta lili kamukamu. Hamoud anawachotsa chala pabatani. Injini ya Sidaty inali kumvekabe, ndipo pamwamba pake a Bouna ankapemphera mofuula.

"Bambo! A Bouna! Pemphero mumaliza pansi!" Anali Sidaty. "Pano mukhale diso langa. Suzumirani mbali yanga ino. Mukaona chakuda, fuulani."

"Ndege ija inachokera kuti? Wati agona kwina!"

"Sindikudziwa. Ndakhotera kumanja, tazungulira. Hamoud watseka kum'mawa, ndiye kuti akufuna tilowere kuchokera kumadzulo. Mafuta sandilola kukangana naye. Yang'anani!"

Hamoud anakhala pampando wake, cholankhulira chili m'manja, chopanda ntchito. Kazik anaima kumbuyo kwake akudzipukuta magazi ndi chipewa, osamva liwu koma akumvetsa zonse. Panalibe chochita china. Msewu unali woyera, ndege yachikasu ili kumbali. Zotsala zinali za nkhalamba ndi munthu wa diso limodzi.

"Sindikuona kanthu," ankatero a Bouna. "Fumbi lokha. Fumbi. Dikira. Icho! Icho, mwana iwe, chili pomwepa!"

"Kutsogolo kapena pambali?"

"Pambali! Ndingachikhudze!"

"Chikakhala pambali ndi chabwino. Chisiyeni chidutse. Tsopano funani miyala yoyera."

Hamoud anapezeka atakanikiza batani, akulankhula ngakhale ankadziwa kuti sakumveka. "Pang'onopang'ono, m'bale wanga. Mphepo ikukugwira. Usathamange. Tsika. Tsika." Anasiya batani kuti amvetsere, n'kukanikizanso. Kunja injini inamveka ndi makutu enieni, ikudutsa kuseri kwa kanyumba. Kenako kugunda, kudumpha, kugundanso. M'wailesi munati kwa, phokoso lija n'kuduka. Kugunda pansi kuja kunali kutamasula batani.

"...bwino, gwira mabuleki, usakhotere kumanzere kuli ndege," Hamoud anali akulankhulabe.

"Ha! Uli moyo?" anayankha Sidaty, akupuma mwabefu. "Unali kuti nthawi yonseyi, mwana wa mayi anga?"

Hamoud anaika cholankhulira patebulo. Apo m'pamene mkono unayamba kuwawa.

Mphepo inagwa dzuwa lisanalowe. Tekber anabwera ndi mafuta a mkaka ndi nsalu yoyera, n'kumanga mkonowo akumukalipira mwamuna wake ngati mwana amene wasewera ndi mbaula. Kazik anakhala pamgolo akusuta. A Bouna anapita wapansi kumzikiti, atanena kuti ndege aikweranso tsiku la chiweruzo. Sidaty yekha ndiye anali pakamwa mbwee, kufotokozera aliyense mmene anakokera ndege ataona moto wofiira.

Hamoud anamukodola, n'kupita naye kukandege kaja. Analowetsa dzanja labwino, n'kukanikiza batani la pachiwongolero. Linalowa, osabwerera. Analigogoda, timchenga n'kugwa, ilo n'kutuluka.

Sidaty analiyang'ana. "Kuyambira pati?"

"Chi-chitsime cha Lemdena chisanafike."

"Zonse?"

Hamoud anagwedeza mutu.

"Wamva ndani wina?"

"A Mbarek. Mzungu sa-samva."

Sidaty anaseka pang'ono, kuseka kouma. "Ndiye palibe nkhani. A Mbarek ndiwagulira fodya. A Bouna ndi munthu wosunga mawu. Dzombe likatha ndikaonana ndi dokotala mwakachetechete."

"Ayi."

"Ayi chiyani?"

"U-u-u..." Liwu linakanirira.

"Usadandaule? Ndi zimene ukufuna kunena? Sindikudandaula."

"Ukanene wekha!" linatuluka ngati mwala. "Ka-kapena ndinena ine. Mawa. Pawailesi."

Sidaty anayandikira, n'kutembenuza mutu kuti amuone ndi diso labwino. "Ukudziwa chimene ukunena? Akangomva, sindidzakhudzanso ndege. Ndilibe ngamila, ndilibe munda. Ntchito yanga ndi iyi basi. Lero ndatera kapena sindinatere? M'fumbi lija, ndani wina akanatera?"

"Unatsala pang'ono ku-kupha anthu atatu."

"Ndi batani, si diso!"

"Diso ndi limene li-linakupititsa kum'mawa."

"Tinayamwa bere limodzi, Hamoud. Mayi akamva kuti wandivula mkanjo pagulu, uwayankha chiyani?"

Hamoud anayang'ana pansi. Misozi inali kutsika, kaya ya mkono kaya ya chiyani. "Ndi-ndiwauza kuti uli moyo."

Usiku umenewo Sidaty sanadye kwa Tekber. M'mawa mwake anakwera lole ya mchere yopita ku Nouakchott, kandege kake n'kutsala pansi pa mthethe mpaka boma linatumiza woyendetsa wina. Sidaty anakanena yekha za diso lake. Madokotala anapeza kuti nthendayo inali itayamba kale kudya diso linalo, ndipo anaichedwetsa ndi mankhwala, koma chilolezo choyendetsa ndege anamulanda. Anapita ku Nouadhibou, m'mphepete mwa nyanja, kukagulitsa zitsulo za magalimoto m'sitolo ya mlamu wake. Kwa Hamoud sanatumize moni, ngakhale pa chikondwerero chachisilamu chophera nkhosa.

Anthu a ku Amghar anagawikana. Ena ankati Hamoud anachita zachimuna. Ena ankati munthu wogulitsa m'bale wake wa mkaka sayenera kumukhulupirira ngakhale pa mbuzi. Salka, amene panthawiyo anali wokalamba kwambiri, sananene kuti walakwa kapena wakhoza. Ankangofunsa, alendo akabwera kuchokera kunyanja, ngati mwana wake winayo akudya bwino. Atamwalira, Sidaty anabwera, anaima pamzere wa pemphero kutali ndi Hamoud, anathira dothi, n'kubwerera tsiku lomwelo osamwa tiyi. Zimenezo zinamupweteka Hamoud kuposa moto uja. Mkono unapola, koma zala ziwiri zinakhala zopindika, ndipo khungu lake linali lonyezimira ngati la buluzi.

Anagwirabe ntchito pabwalopo zaka zambiri. Ndege iliyonse ikatera, ankapita ndi kaburashi kake kukapempha woyendetsa kuti apukute batani, ndipo ena ankamuseka. Msewu wa tala utafika ku Amghar, ndege zinayamba kusowa, mpaka bwalo linatsekedwa, mbuzi n'kulitenga. Hamoud anatsegula kakhumbi kumsika kokonzera mawailesi.

Chaka china, nyengo yokolola kanjedza, anthu a m'mizinda atadzaza m'minda, pakakhumbipo panaima munthu wa ndevu zoyera, wa magalasi akuda, atagwira ndodo. Anakhala pabenchi osapemphedwa.

"Amati muno muli munthu wokonza zinthu zosalankhula," anatero. "Tiyi muli naye?"

Hamoud anaika pansi chimene anagwira. Anayesa kutchula dzina la m'bale wake, koma linakana kutuluka. Ulendo uno Sidaty anadikira mpaka linatuluka lokha.

"Bwera nawo mkonowo," anatero kenako. "Tsiku lija sindinauone, ndipo pano sindingauonenso."

Hamoud anapinda mkanjo n'kuupereka. Sidaty anaupapasa ndi zala kuyambira pachigongono mpaka pa zala zopindika zija, pang'onopang'ono.

"Unapsa moipa," anatero pomaliza. "Nyama ikapsa chonchi ine ndimabweza."

Anakhala kwa Tekber mpaka kanjedza anatha m'mitengo, akudandaula tsiku lililonse kuti tiyi wa ku Amghar wasanduka madzi. Chaka chotsatira anabweranso, ndi chinacho, kufikira chaka chimene m'malo mwake kunabwera mwana wake wamkazi kudzanena za maliro.